Mukufuna kupanga app koma "class" yakuzunguzani mutu? Musathawe msanga

Pali funso limodzi limene achinyamata odziphunzitsa okha kulemba mapulogalamu amandifunsa kawirikawiri: "Achimwene, palibe chiyankhulo china chopanda ma class? Ine ndikungofuna kupanga app ya pafoni basi." Ambiri mwa ofunsawa sanapiteko ku MUBAS kapena ku MUST kukaphunzira za makompyuta. Amaphunzira pa YouTube, pa bandulo ya usiku, mwina pa laputopu yobwereka kwa msuweni. Wina anawauza kuti app ya Android imalembedwa mu Java, ndiye tsiku loyamba lomwelo amakumana ndi mzere wa "public static void main" uli mkati mwa class, asanaonetse n'komwe mawu oti "moni" pa sikirini. Pofika sabata yachiwiri akumva za inheritance, constructor ndi interface. Ena amangotseka laputopu n'kunena kuti izi ndi za anthu amasamu.

Ziyankhulo zopanda class zilipo, ndipo zina zimene zili ndi class sizikukakamizani kuigwiritsa ntchito. Koma maganizo anga ndi akuti kusankha chiyankhulo pongothawa class kukhoza kukudyerani miyezi ndi bandulo pachabe. Pali zinthu zina zofunika kuziyang'ana kaye, ndipo class yeniyeniyo si chilombo monga mmene maphunziro ambiri a pa intaneti amaionetsera.

Class ndi chiyani kwenikweni?

Si kalasi ya kusukulu ayi. Aliyense amene anaonapo anthu akuumba njerwa amadziwa chikombole. Chikombole si njerwa, koma njerwa iliyonse yotuluka mmenemo imakhala ndi msinkhu ndi maonekedwe ofanana. Class ndiye chikombolecho, ndipo njerwa zotulukazo amazitcha ma object. Mukalemba class ya "membala", mukunena kuti membala aliyense adzakhala ndi dzina, nambala ya foni ndi ndalama zimene wasunga. Kenako mumangoumba mamembala ambirimbiri pa chikombole chimodzicho.

Function ndi yosavuta kuposa pamenepo. Ili ngati chigayo: mwathira chimanga, patuluka ufa. Mwaipatsa nambala ziwiri, yakubwezerani yankho. N'chifukwa chake oyamba kumene amaigwira msanga.

Ganizo la class linayambira ku Norway m'chiyankhulo cha Simula 67, chimene anakonza Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard. Java, yomwe kampani ya Sun Microsystems inatulutsa mu 1995, inalitenga ganizoli n'kulipanga lamulo, kuti code yonse izikhala mkati mwa class. Ndiye Android itabwera n'kusankha Java, aliyense wofuna kupanga app anayenera kulowera pakhomo lomwelo. Koma zinthu zasintha kwambiri, kungoti mavidiyo akale akadali pa YouTube ndipo ndi amene amatulukira pamwamba munthu akafufuza.

JavaScript ndi React Native

JavaScript inalembedwa ndi Brendan Eich mu 1995, ndipo kwa zaka 20 inalibe mawu oti class. Mawuwa anawonjezeredwa mu 2015, koma mpaka lero palibe amene amakukakamizani kuwalemba. Chaka chomwecho cha 2015, Facebook inatulutsa React Native, chida chopangira ma app a Android ndi iPhone pogwiritsa ntchito JavaScript. Poyamba mbali zambiri za sikirini zinkalembedwa ngati ma class, koma mu 2019 kunabwera njira yotchedwa hooks, ndipo kuyambira pamenepo batani, mndandanda, ngakhale sikirini yonse imalembedwa ngati function wamba.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri pa njirayi ndi Expo. Mumaika app yotchedwa Expo Go pa foni yanu, n'kulemba code pa laputopu, ndipo zimene mwalembazo zimaoneka pa foni nthawi yomweyo. Simufunika kuyendetsa foni yoyerekezera mkati mwa kompyuta, chinthu chimene chimalemetsa laputopu yakale mpaka kuima. Vuto lake n'lakuti poyambitsa pulojekiti mumakopera mafayilo ambiri, ndiye chitani zimenezo pamene muli ndi Wi-Fi kapena bandulo yokwanira.

Kotlin, njira imene Google ikulimbikitsa

Kotlin ndi chiyankhulo cha kampani ya JetBrains. Google inachivomereza pa Android mu 2017, ndipo mu 2019 inalengeza kuti ndicho chiziikidwa patsogolo. Mosiyana ndi Java yakale ija, mu Kotlin mukhoza kulemba function payokha, osaikulunga mu class. Mu 2021 kunatuluka Jetpack Compose, momwe sikirini imamangidwa ndi ma function okhaokha.

Koma ndisakunamizeni. Mukatsegula pulojekiti yatsopano, mupeza class imodzi yotchedwa MainActivity ikukudikirani, ndipo app ikamakula mudzakumana ndi zina. Kusiyana kwake n'kwakuti simufunika kuzimvetsa zonse tsiku loyamba. Chovuta chenicheni cha Kotlin ndi Android Studio, pulogalamu imene mumalemberamo. Imafuna kompyuta ya RAM yosachepera 8GB, ndipo kuikopera pamodzi ndi zida zake kumadya ma gigabyte angapo. Pa laputopu ya 4GB mudzathera nthawi yambiri mukuyang'ana kachizindikiro kakuzungulira, magetsi mpaka kuzima musanaone kalikonse.

Lua, Go ndi C: zopanda class zenizeni

Ngati mukufunadi chiyankhulo chimene mulibiretu class, Lua ndi chimodzi. Chinapangidwa ku yunivesite ina ya ku Rio de Janeiro m'dziko la Brazil mu 1993. N'chaching'ono, n'chosavuta kuwerenga, ndipo zinthu zonse chimazisunga m'njira imodzi yotchedwa table. Chida cha Solar2D, chimene kale chinkatchedwa Corona, chimagwiritsa ntchito Lua popanga magemu a pafoni, ndipo ndi chaulere. Amene amasewera Roblox adziwenso kuti magemu a mmenemo amalembedwa mu Luau, mwana wa Lua. Pa magemu, Lua ndi yabwino zedi. Koma pa app yokhala ndi mafomu, mindandanda ndi maakaunti, thandizo lake ndi lochepa, ndipo mukakakamira pena pake, anthu oti muwafunse ndi owerengeka.

Go, yomwe Google inatulutsa mu 2009, nayonso ilibe class, chimodzimodzinso C. Zonsezi n'zotheka kuzigwiritsa ntchito pa Android, koma si zimene anthu ambiri amamangira masikirini. Go imagwira bwino ntchito ku seva, kumene app yanu imakatenga ndi kusunga zinthu. Munthu woyamba kumene akasankha C kuti athawe class, ndiye kuti wathawa mvula n'kukagwera mu mtsinje.

Nanga Flutter ndi iPhone?

Flutter, ya Google, inatuluka mokwanira mu December 2018 ndipo imagwiritsa ntchito chiyankhulo cha Dart. Achinyamata ambiri amaikonda chifukwa ma app ake amaoneka bwino. Koma dziwani kuti mu Flutter pafupifupi chilichonse cha pa sikirini ndi class. Chodabwitsa n'chakuti ambiri amene amaopa class mu Java amazilemba mu Flutter osadandaula, chifukwa amaona zotsatira zake pompopompo. Zimenezi zimandiuza kuti vuto nthawi zambiri silikhala class, koma kuphunzitsidwa chikombole munthu asanaonepo njerwa.

Za iPhone ndingonena mwachidule. Swift ya Apple, ya mu 2014, imalola kumanga masikirini popanda class kudzera mu SwiftUI. Koma pulogalamu yake ya Xcode imafuna kompyuta ya Mac, ndipo kuika app pa App Store kumafuna madola 99 chaka chilichonse. Yang'anani anthu amene mwakwera nawo minibasi lero: mafoni ambiri ndi Itel, Tecno ndi Samsung. Anthu anu ali pa Android.

Tiyese ndi banki m'khonde

Tiyerekeze kuti mayi anu ndi mlembi wa banki m'khonde, ndipo mukufuna kuwapangira app yolowa m'malo mwa kope lija limanyowa ndi mvula. Chofunika choyamba ndi kuwerengera ngongole. Mu JavaScript mulemba function imodzi: muipatse K50,000 ndi chiwongoladzanja cha 20 pa 100, ikubwezereni K60,000. Palibe class apa. Chachiwiri ndi kusunga mamembala. Mungolemba dzina, masheya ndi ngongole ya munthu mmodzi pakati pa zizindikiro ziwiri zopindika, n'kuika onse pa mndandanda. Apanso class palibe.

Ndiye gululo lafika anthu 25. Mwayamba kuona kuti mukulemba zinthu zitatu zomwezomwezo kwa munthu aliyense, ndipo pena mwaiwala kuika masheya, app n'kusokonekera pa tsiku logawana ndalama. Mukuyamba kulakalaka patakhala chinthu chimodzi chonena kuti membala aliyense azioneka chonchi. Chimene mukulakalakacho ndi chikombole chija. Mukafika pamenepo, class mudzaimvetsa madzulo amodzi okha, chifukwa mwakumana ndi vuto limene anaipangira.

N'chifukwa chake ndimauza anzanga kuti kuyamba popanda class ndi nzeru, koma kulumbira kuti sudzaikhudza moyo wako wonse ndi kudzitsekera khomo wekha. Code ya anthu ena imene mudzawerenge ili ndi ma class. Mayankho ambiri a pa intaneti ali ndi ma class. Ngakhale mutafunsa ChatGPT kuti ikulembereni, tsiku lina idzakupatsani class, ndipo ikadzalakwitsa, wokonza ndinu.

Zimene muyenera kuyang'ana musanasankhe

Choyamba ndi kompyuta imene muli nayo lero, osati imene mukulota kudzagula. Ngati ili yofooka, JavaScript ndi Expo zikuyenerani. Ngati ili ndi 8GB kapena kuposa ndipo cholinga chanu ndi Android yokha, pitani ku Kotlin. Ngati mumangopeza kompyuta mwa apo ndi apo, kuntchito kapena kwa mnzanu, MIT App Inventor imagwira ntchito mu browser, ndipo mumamanga app polumikiza timabokosi m'malo molemba code. Ena amainyoza kuti ndi ya ana, koma imakuphunzitsani kaganizidwe kake ndipo imatulutsa app yeniyeni yoika pa foni.

Chachiwiri ndi foni ya munthu amene adzagwiritse ntchito app yanu. Mafoni otsika mtengo amadzaza msanga, ndipo munthu akafuna malo osungira zithunzi za ukwati, app yolemera ndi imene imayamba kufufutidwa. Netiweki nayo imabwera n'kupita. App ya banki m'khonde imene singatseguke popanda intaneti ndi yopanda ntchito pansi pa mtengo wa mango kumudzi. Choncho phunzirani msanga kusunga zinthu mu foni momwemo, mwachitsanzo ndi SQLite, imene imagwira ntchito ndi Kotlin, React Native komanso Flutter.

Chachitatu ndi mmene app idzafikire anthu. Kutsegula akaunti pa Google Play ndi madola 25 olipira kamodzi, koma pamafunika khadi lotha kulipira ndalama zakunja, ndipo tonse tikudziwa mmene nkhani ya forex ilili. Komanso maakaunti atsopano a munthu payekha amayenera kuyesetsa app kwa anthu osachepera 12 kwa masiku 14 asanaloledwe kuitulutsa poyera. Izi zisakufooketseni. Fayilo ya APK mukhoza kuitumiza pa WhatsApp kwa anthu oyamba, aiyese, akuuzeni pamene pakuvuta.

Chachinayi ndi ganyu. JavaScript ili ndi mwayi umodzi umene zinazi zilibe: ndi chiyankhulo chomwecho chimene chimayendetsa mawebusayiti. Sukulu yapulaiveti, loji kapena shopu ya m'tauni kawirikawiri imayamba kufuna webusayiti isanaganize za app. Mukadziwa JavaScript, mukhoza kupeza ya bandulo uku mukupitiriza kuphunzira.

Ine mukandifunsa kuti ndisankhire mnyamata kapena mtsikana amene ali ndi laputopu yakale, bandulo yowerengera ndi mantha a class, ndinena JavaScript. Ayambe ndi ma function ndi mindandanda kwa mwezi umodzi kapena iwiri, kenako alowe mu React Native kudzera mu Expo. Posankha mavidiyo aziyang'ana chaka: phunziro la React Native la chaka cha 2019 chisanafike lidzamubwezera ku ma class omwe aja, ndipo la Android lophunzitsa Java ndi XML ndi la njira yakale.

Chimene ndimaletsa ndi kudumphadumpha. Sabata ino Kotlin, sabata yamawa Flutter chifukwa wina pa TikTok wanena kuti ndiye yadolo, mwezi wamawa Python. Chaka chimatha munthu ali ndi mafoda khumi a mapulojekiti osamaliza, opanda ndi imodzi yomwe yoonetsa. Sankhani chimodzi, sankhaninso vuto laling'ono la munthu amene mumamudziwa, kaya ndi kope la ngongole la pa grosale ya amalume kapena ndandanda wa kwaya ya kutchalitchi, ndipo musasinthe chiyankhulo mpaka munthuyo atagwiritsa ntchito app yanu kwa sabata yathunthu.