Tayala Likakana Kukhala pa Limu



Kuno ku Maravia njinga yamoto ndi mwendo wa mudzi. Ena timaitcha mota. Imanyamula chimanga kupita kumsika. Imanyamula nsomba kuchokera ku nyanja ya Cahora Bassa. Usiku imanyamula wodwala kupita kuchipatala ku Fingoé. Miseu yathu yambiri ndi ya dothi ndi miyala. N'chifukwa chake matayala amatha msanga, ndipo timawasintha kaŵirikaŵiri.

Dzinja lapitali bambo wina wa m'kalasi mwathu anagula tayala latsopano. Analiika madzulo, mofulumira. Anapopa mpweya ndipo linalimba. Koma mbali imodzi sinakhale bwino pa limu. Iwo anaona ndithu, koma anati, "Likhala lokha poyenda." Usiku womwewo mlamu wawo woyembekezera anafika pa nthaŵi yake. Anamkweza panjinga. Gudumu linayamba kudumphadumpha ngati likuyenda pa mizere ya m'munda. Asanafike pakati pa ulendo, chubu chinaphulika. Mwamwayi mwini njinga wina wa m'mudzi wapafupi anadzuka n'kuwathandiza. Mayi anafika, mwana anabadwa bwino. Bambo aja ndiwo anapempha kuti tiphunzire za nkhaniyi.

Phunziro lathu ndi ili: tayala silikana popanda chifukwa. Likakana, funani chifukwa chake. Musamangoonjezera mpweya.

1. MLOMO WA TAYALA

Tengani tayala m'manja. Gwirani m'mphepete mwake, m'kati, pamene limakhudzana ndi limu. Mumva kuti mpolimba. Malo ameneŵa tiwatche mlomo wa tayala. Tayala lili ndi milomo iŵiri, wina kumanja, wina kumanzere.

M'kati mwa mlomo muli mawaya achitsulo ozungulira. Mphira amatamuka, koma waya satamuka. Ali ngati mkombero wa lichero. Mkombero mutha kuupinda pang'ono, koma simungaukulitse. Mukaukakamiza umathyoka.

Tsopano yang'anani limu. M'mphepete mwake ndi mokwera. Pafupi ndi mphepete pali malo osalala, ngati phewa. Pakati pali ngalande, momwe muli mitu ya masipoko. Ngalandeyi ili ndi ntchito yaikulu. Mphepete mwa limu ndi mokula kuposa mlomo wa tayala. Ndiye tayala limaloŵa bwanji? Limaloŵa chifukwa mbali imodzi ya mlomo imatsikira m'ngalande, ndipo mbali inayo imapeza mpata wodutsa pamwamba. Nzeru imeneyi si ya lero. Munthu wina wa ku England, dzina lake Charles Welch, anaitulukira mu 1890 pa njinga zopalasa.

Tikapopa, mpweya umakankha milomo yonse iŵiri. Imachoka m'ngalande n'kukwera paphewa. Ikakwera kuzungulira gudumu lonse, timati tayala lakhala.

2. TIDZIŴA BWANJI KUTI LAKHALA?

Pambali pa tayala, pafupi ndi mlomo, pali kamzere kozungulira. Anakaika dala opanga matayala. Zungulitsani gudumu pang'onopang'ono mukuyang'ana kamzereko. Kayenera kuoneka ponseponse, motalikirana mofanana ndi limu. Pamene kamzere kabisala m'limu, mlomo sunakwere. Pamene katalikira kwambiri, china chake chapanikizika pansi pa mlomo. Onani mbali zonse ziŵiri za gudumu.

Tayala losakhala bwino limagwedeza njinga. Limatikita chubu mpaka kuchiboola. Pokhota lingathe kuvuka. Siliwongoka lokha poyenda ayi.

3. ZIFUKWA ZISANU ZIMENE TAYALA LIMAKANIRA

Choyamba: msinkhu wolakwika. Pambali pa tayala pali manambala, monga 2.75-17 kapena 3.00-18. Nambala yoyamba ikunena kufufuma kwa tayala. Nambala yomaliza ikunena kukula kwa limu m'mainchi. Inchi imodzi ndi masentimita aŵiri ndi theka. Tayala la 17 limafuna limu ya 17. Tayala la 18 limafuna limu ya 18. Zikasiyana, palibe sopo kapena mphamvu imene ingathandize. Ŵerengani manambala musanapereke ndalama. Ngati simunawamvetse, funsani. Safunsa anadya phula.

Chachiŵiri: dzimbiri ndi matope. Njinga zathu zimaoloka mitsinje m'dzinja. Madzi amaloŵa m'limu, dzimbiri n'kugwira paphewa. Mlomo sungatsetsereke pamalo okhakhala.

Chachitatu: kuuma. Mphira wouma amamatirira pachitsulo chouma.

Chachinayi: chubu chapanikizika pansi pa mlomo. Izi zimachitika kaŵirikaŵiri pafupi ndi valavu. Nthaŵi zina chimene chapanikizika ndi kalamba kamphira kophimba mitu ya masipoko.

Chachisanu: tayala lakalamba kapena limu yapindika. Matayala ambiri ali ndi manambala anayi osonyeza nthaŵi imene anapangidwa. Mukaona 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lokhalitsa m'sitolo limauma. Limapindikanso ngati linapsinjidwa ndi katundu wina. Limu nayo imapindika ikagunda mwala.

4. KAIKIDWE KABWINO

Konzani zinthu izi: zitsulo ziŵiri kapena zitatu zosalala zoloŵetsera tayala, pampu, choyezera mpweya, beseni la madzi, sopo, nsanza ndi sandipepa. Yalani thumba pansi kuti mchenga usaloŵe m'gudumu.

a) Ikani tayala padzuŵa kwa kanthaŵi. Mphira wofunda amafeŵa. Musaliŵambe pamoto.

b) Palani dzimbiri lonse ndi sandipepa, makamaka paphewa la limu. Pukutani ndi nsanza. Onani kuti kalamba kophimba masipoko kali pakati penipeni pa ngalande.

c) Funani muvi pambali pa tayala. Ngati ulipo, uloze kumene gudumu limazungulirira njinga ikamapita kutsogolo.

d) Sungunulani sopo pang'ono m'madzi mpaka achite thovu. Pakani pa milomo yonse iŵiri ndi paphewa la limu.

e) Loŵetsani mlomo woyamba. Kenaka popani chubu pang'ono chabe, kuti chisakhale ndi makwinya. Chiloŵetseni m'tayala. Tulutsani valavu pabowo lake, iime chilili. Kanati ka valavu musakamange tsopano. Kangogwira nsonga yokha.

f) Loŵetsani mlomo wachiŵiri. Pondani ndi maondo mbali imene yaloŵa kale, kuti ikhale m'ngalande. Apa ndi pamene pagona chinsinsi. Ndi zitsulo, tengani pang'onopang'ono, kutalika kwa zala zitatu nthaŵi iliyonse. Musaloŵetse chitsulo m'kati kwambiri, mungatsine chubu. Mukaona kuti pakufunika mphamvu zambiri, imani. Ndiye kuti mbali inayo yatuluka m'ngalande. Ibwezereni.

g) Kankhirani valavu m'kati pang'ono, kenaka ikokeni. Mukatero chubu chimachoka pansi pa mlomo.

h) Popani pang'onopang'ono. Imani, yang'anani kamzere. Popaninso. Nthaŵi zina mumva kuti "phu!" mlomo ukamakwera. Nthaŵi zina umakwera mwakachetechete. Khulupirirani maso anu, osati makutu.

5. LIKAKANABE

Mwachita zonsezi, koma pamalo amodzi kamzere kakadabisala. Musakwiye. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lembani chizindikiro ndi choko kapena khala pamalo pamene pakana. Tulutsani mpweya wonse. Kankhirani mlomo m'ngalande kuzungulira gudumu lonse. Suzumirani m'kati pamalo paja. Kodi chubu chikuoneka? Kodi patsala dzimbiri? Kodi kalamba kaja kasuntha? Konzani chimene mwapeza. Pakaninso madzi a sopo, ambiri ndithu.

Popani mpweya pang'ono. Imikani gudumu, ligunditseni pansi ngati mpira, mukulizungulitsa. Gwirani tayala pamalo okana ndi manja onse aŵiri, mulipendekere uku ndi uku. Kenaka pitirizani kupopa. Ngati lakananso, tulutsaninso mpweya, mulisiye padzuŵa, mubwereze. Matayala ena amalola kachitatu.

Ngati likukana pamalo omwewo nthaŵi zonse, livuleni. Zungulitsani limu yokha muone ngati yapindika. Pendaninso mlomo wa tayala. Mukaona waya wotuluka, kapena malo ofooka opindika mosavuta, waya wathyoka. Tayala lotero si loyenderanso, ngakhale likhale latsopano.

6. MATAYALA OPANDA CHUBU

Njinga zina zili ndi magudumu opanda masipoko a waya, ndipo matayala ake alibe chubu. Pambali pake pamalembedwa mau akuti TUBELESS. Vuto lake ndi lina. Mukapopa, mpweya umathaŵira pampata wa pakati pa mlomo ndi limu.

Chitani izi. Pakani madzi a sopo monga kale. Mangani lamba kapena chingwe cholimba kuzungulira tayala, pakati pa mapazi ake, ndipo mukokere ndithu. Pakati pakafinyika, milomo imatambasuka n'kukhudza limu. Chotsani kasingano ka m'kati mwa valavu kuti mpweya uloŵe wambiri nthaŵi imodzi. Tayala likangoyamba kugwira mpweya, masulani lamba msanga musanapitirize. Likakhala, bwezerani kasingano n'kupopanso. Pampu yamanja ikalephera, pitani nalo kwa amene ali ndi makina opopera.

7. ZOLETSEDWA ZITATU

Musapyole malire a mpweya. Opanga matayala amachenjeza kuti pokhazika mlomo tisapitirire 40 psi. Pa choyezera cholembedwa bar, imeneyi ndi 2.8. Nambalayi ikuoneka yaing'ono, koma tiyeni tiiganizire. Pa 2.8 bar, malo aang'ono ngati chikhadabo akukankhidwa ndi mphamvu ya makilo pafupifupi atatu. Malo aakulu ngati chikhatho akukankhidwa ndi mphamvu yonga ya matumba anayi a chimanga a makilo 50. Waya akaduka, mphamvu yonseyo imatuluka nthaŵi imodzi. Imathyola dzanja, imaboola diso. Popopa musaŵeramire gudumu. Musaike zala pakati pa tayala ndi limu. Ana akhale patali.

Musagwiritse ntchito moto. Ena amathira petulo m'tayala n'kuyatsa machesi kuti liphulikire pamalo pake. Ambiri aona zimenezi pa foni ndipo amati ndi luso. Si luso ayi. Palibe angayeze mphamvu ya moto umenewo. Umaotcha nkhope, umaononga tayala m'kati mosaoneka, ndipo ungayatse nyumba ya udzu.

Musapake oyilo, girizi, dizilo kapena parafini. Mafuta otere amaononga mphira. Ndiponso sauma. Mukagwira mabuleki, tayala limatsetsereka pa limu, n'kukoka chubu mpaka valavu kuzuka. Madzi a sopo amaterera pa nthaŵi ya ntchito, kenaka amauma, tayala n'kugwira.

8. POMALIZA NTCHITO

Tayala likakhala, chepetsani mpweya ufike pa muyeso woyendera. Muyesowu umalembedwa m'buku la njinga, kapena pa kapepala komatidwa pafupi ndi tcheni. Pa njinga zing'onozing'ono zambiri umakhala pafupi ndi 2 bar. Pakani malovu kapena thovu pakamwa pa valavu muone ngati ikutulutsa mpweya. Bwezerani gudumu. Mangani nati yaikulu molimba. Yesani mabuleki ndi tcheni. Yendani pang'onopang'ono pabwalo muli nokha, musananyamule munthu. M'maŵa mwake yang'ananinso kamzere ndi mpweya.

Choyezera mpweya si aliyense ali nacho. Eni njinga a mudzi umodzi angathe kusonkha ndalama n'kugula chimodzi, pamodzi ndi zitsulo zabwino, n'kumasunga kwa munthu mmodzi wokhulupirika. Mutu umodzi susenza denga.

Anzanga, dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Mu 1978 boma linayambitsa kampeni yoyamba ya dziko lonse yophunzitsa akulu kulemba ndi kuŵerenga. Ntchito imene inayamba nthaŵi imeneyo ndi yomwe tikuipitiriza m'kalasi mwathu. Onani phindu lake lero. Amene amaŵerenga 17 ndi 18 sagula tayala lolakwika. Amene amaŵerenga 2.8 pa choyezera amadziŵa poimira. Bambo aja tsopano amayang'ana kamzere ka tayala lawo asananyamuke, ndipo aphunzitsa kale anyamata aŵiri a m'mudzi mwawo.

MAU OTI TILEMBE

tayala, limu, mlomo, ngalande, chubu, valavu, mpweya, dzimbiri

MAFUNSO

1. Kodi m'kati mwa mlomo wa tayala muli chiyani?
2. Kodi ngalande ya pakati pa limu ili ndi ntchito yanji?
3. Tchulani zifukwa zitatu zimene tayala limakanira kukhala.
4. N'chifukwa chiyani timapaka sopo osati oyilo?
5. Bambo a m'nkhani yathu analakwitsa pati?

TIŴERENGERE

1. Patayala palembedwa 3.00-18. Limu ya njinga yanu ndi 17. Kodi mugula?
2. Patayala palembedwa 0821. Linapangidwa sabata iti, chaka chiti?
3. Choyezera chikuonetsa 2.8 bar. Buku la njinga likuti 2.0 bar. Muchotse mpweya wochuluka bwanji?

NTCHITO YA KUNYUMBA

Pezani njinga yamoto kapena yopalasa m'mudzi mwanu. Pemphani chilolezo kwa mwini wake. Koperani m'kope mwanu manambala onse a patayala. Tsatirani kamzere ndi chala kuzungulira gudumu lonse. Maŵa mudzatiuze zimene mwaona.