Kodi maso athu amatinamiza?

Viikani nkhafi m'madzi oyera, muiona ngati yathyoka pamene yalowera. Ivuuleni, ili yowongoka bwinobwino. Zinthu ngati zimenezi ndi zimene akatswiri ena a zoganiza mozama amatsamirapo ponena kuti sitingadziwe ngati dziko tikulionali lilipodi. Ine ndikukana, ndipo ndikukana ndi mtima wonse.

Amene anaukulitsa mlanduwu ndi René Descartes wa ku France, m'buku lake la mu 1641. Anafunsa kuti maso oti anamunamizapo kale awakhulupirire bwanji, pomwenso munthu akamalota sazindikira kuti akulota. Anafika poganizira za chiwanda chochenjera chimene chingamamuonetse thambo, nthaka ngakhale manja ake pomwe palibe kanthu.

Funsoli sindikulipeputsa. Koma nkhafi ija mwadziwa bwanji kuti sinathyoke? Mwaivuula, mwaiyang'ananso, mwaisisita ndi dzanja. Cholakwa cha maso chagwidwa ndi maso omwewo mothandizana ndi manja. Chimene chimachitika n'chodziwikanso: kuwala kumapindika kukamachoka m'madzi kulowa mumpweya, n'chifukwa chake wolasa nsomba ndi mkondo amalozetsa m'munsi pang'ono mwa pamene akuionera. Diso silinapeke bodza ayi, lasonyeza mmene mtengo wowongoka umaonekera uli m'madzi. Gilbert Ryle wa ku Oxford anachiika bwino mu 1954: ndalama yachinyengo imatheka kokha kumene kuli ndalama yeniyeni. Wonena kuti mwina zonse n'zachinyengo, azifananiza ndi chiyani?

Thomas Reid wa ku Scotland, mu 1764, analasa pena. Wokayika amakhulupirira nzeru zake koma amakana maso ake, chonsecho zonse ziwiri tinabadwa nazo, ndipo nzeru nazonso zimaphonya, monga amadziwira aliyense amene anasokonezapo masamu. Nanga tsankholi lachokera kuti?

Mu 1939, G. E. Moore anaimirira pamaso pa ophunzira anzake a British Academy, n'kukweza dzanja limodzi, kenako linalo, monga umboni wakuti kunja kwa maganizo athu kuli zinthu. Ambiri anati wazemba funso. Ine ndimati sanazembe. Kuti mfundo ya chiwanda igwire, muyenera kuvomereza kaye kuti munthu sadziwa kanthu pokhapokha atatseka mpata uliwonse wolakwira. Lamulo limeneli palibe analitsimikizirapo, ndipo ngakhale woweruza kukhoti sapempha umboni wotero asanagamule mlandu wakupha.