Kuphunzitsa Liwu la "Push" ndi Matanthauzo Ake

Tsiku lina ndinapita kukaonerera mmodzi wa ophunzira athu akuyesera kuphunzitsa m'Sitandade 6. M'nkhani imene ana ankawerenga munali chiganizo ichi: "The shopkeeper pushed up the price of sugar." Atafunsidwa tanthauzo lake, mnyamata wina anayankha mosakayika kuti mwini sitolo anakankhira shuga pamwamba pa shelefu. Mphunzitsiyo anamukalipira. Komatu mwanayo anangobweza chimene anapatsidwa m'makalasi a m'munsi, pamene wina analemba pabolodi kuti "push" ndiye "kukankha" n'kulekera pomwepo.

N'zoona kuti tanthauzo loyamba la liwuli ndi kukankha chinthu kuti chisunthe, monga chitseko, ngolo kapena galimoto imene yatitimira m'matope. Koma ngakhale pa zochita ndi manja zomwe, Chichewa sichinena "kukankha" nthawi zonse. "Push the button" ndi kudina batani, ndipo "He pushed through the crowd" akunena za munthu wodzipanikiza kuti adutse pakati pa khamu.

Zovuta zenizeni zimayamba pamene chokankhidwacho sichioneka ndi maso. "Her father pushed her to study" ndiye kuti bambo anamuumiriza mwana kuti alimbikire maphunziro. "The parents pushed for a new classroom" ndiye kuti makolo anapempha mosalekeza mpaka amveke. "Grandfather is pushing 70" ndiye kuti agogo akuyandikira zaka 70. Taonaninso mphamvu ya timawu totsatira: "push up" ndi kukweza, monga mtengo wa shuga uja, "push on" ndi kupitiriza ulendo ngakhale mwatopa, pamene "Push off!" ndi mawu achipongwe opirikitsira munthu, amene mwana sayenera kuwanena kwa wamkulu.

Zimenezi si zachilendo kwa ana athu, pakuti Chichewa chimachitanso chimodzimodzi. Timati mwana wadya nsima, msungichuma wadya ndalama, dzimbiri ladya khasu. Palibe mwana amene amaganiza kuti msungichumayo anatafuna makobidi. Amamva tanthauzo poona mawu oyandikana nalo liwulo. Luso lomweli ndilo tiyenera kulitengera ku phunziro la Chingerezi.

Tsono inu mudzachite motere. Yambani ndi chimene chioneka: mwana mmodzi akankhe desiki, anzake anene chimene akuchita. Tanthauzo limenelo likakhazikika, kumbutsani anawo za "kudya" kuja, kenaka lembani ziganizo ziwiri kapena zitatu zokha, osati zonse pa tsiku limodzi. Pa chiganizo chilichonse funsani kuti, "Chokankhidwa apa n'chiyani? Kodi tingachigwire ndi manja?" Ngati sitingachigwire, ana afunefune okha liwu la Chichewa loyenera pamenepo. M'makope mwao alembe chiganizo chathunthu, osati liwu ndi mnzake wa Chichewa. Mukawapatsa dikishonale, aphunzitseni kuwerenga matanthauzo onse asanasankhe, chifukwa ambiri amangotola loyamba.

Mwana wozolowera kupatsa liwu lililonse tanthauzo limodzi adzafika pa mayeso a Sitandade 8 akudziwa mawu ambiri, koma nkhani yofunika kuyankhapo mafunso osaimva. Akadzakuyankhani molakwa ngati mnyamata uja, musafulumire kumudzudzula. Yambani mwamufunsa kumene anatenga yankho lakelo.