Za Kusamala Nkhuni, Cakudya ndi Ndalama Pakhomo

Kwa inu eni mabanja a m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa.

Munthu akabedwa mbuzi usiku, m'mawa mudzi wonse umva, ndipo anyamata alondola mapazi kufikira kumsika wa Malomo kapena Mponela. Koma kuli kutayika kwina kumene palibe aimbira mfuu: nkhuni zopsa cabe, cimanga cofumbwa m'nkhokwe, ndi tindalama toturuka m'thumba tsiku ndi tsiku osawerengedwa. Mukaphatikiza zonsezi pa caka cathunthu, kapena mudzapeza kuti ziposa mbuzi ija. Kapepala aka kanena za macitidwe oletsa kutayika kumeneko, ndipo ambiri a iwo safuna ndalama konse.

1. Mtengo wace wa nkhuni

Nkhalango ya pa phiri la Ntchisi, m'mene makolo anabisala masiku a nkhondo za Angoni, inapatulidwa ndi Boma m'caka ca 1924 kuti isungike. Mitengo ya paphiri ndiyo igwira mvula, niilowetsa pansi pang'ono pang'ono, kuti akasupe ndi timitsinje zisaphwe m'cilimwe. Phiri likametedwa, madzi athamanga pamwamba, nakokolola nthaka ya m'minda, nasiya zigwembe. Kunja kwa nkhalangoyo mitengo ya tsamba, mombo ndi msuku yacepa: ina inapita ku zigafa za fodya, ina kuocha njerwa, ina ku makala, ndi yambiri inathera pa mafuwa. Lamulo la za nkhalango la 1997, limene analikhwimitsa mu 2020, liletsa kuocha makala wopanda ciphaso.

Tafunsani mai wa m'nyumba mwanu kuti apita kangati kunkhuni pa sabata, acoka dzuwa liri pati, nabwera liri pati. Maora amenewo acotsedwa kumunda ndi kudimba, ndipo mwana wamkazi womperekeza ajomba kusukulu. Musamati nkhuni zotola ziribe mtengo. Mtengo wace ndiwo msana wa mkazi wanu ndi mizere yosapalira.

2. Mafuwa atatu ndi mbaula ya dongo

Moto wa pa mafuwa atatu unga nyumba yopanda zipupa. Mphepo ilowa mbali zonse, malawi athawira kunja, ndipo kutentha kofika pa mphika ndiko kocepa. Mbaula ya dongo loocha, yochedwa Chitetezo Mbaula, itsekera moto m'kati. Iri ndi khomo limodzi la nkhuni, ndi timitu pamwamba pokhala mphika. Cotero malawi alibe kwina kopita koma kunsi kwa mphikawo, ndipo dongo likatentha lisunga kutentha kwace. Amene anaiyesa anapeza kuti ipulumutsa monga limodzi la magawo atatu a nkhuni, ndiko kunena kuti pa mitolo itatu umodzi utsala.

Mu 2013 Boma la Malawi linaika colinga cakuti mbaula zotere zikwane 2,000,000 pofika 2020, ndipo kuyambira pamenepo magulu a amai oumba anacuruka m'maboma ambiri. Mlangizi wa zaulimi wa kwanu adzakuuzani kumene zipezeka. Wosakhoza kugula amange yace ndi zidina ndi dothi, monga ija ya Changu Changu Moto imene inafala ku Nkhata Bay. Mbaula isagone pamvula, ndipo musaithire madzi iri yamoto, ingang'ambike.

Koma mbaula payokha sikwanira. Sungani malangizo awa:

(a) Nkhuni zikhale zouma. Cikuni caciwisi citaya mphamvu yace pophwetsa madzi ali m'kati mwace, nicipatsa utsi wambiri ndi moto wocepa. Mangani kasanja pansi pa tsindwi, muunjikepo nkhuni mvula isanagwe. Ziwazeni zikhale zazing'ono. Ziwiri kapena zitatu zikwanira nthawi imodzi.

(b) Musasonkhe moto ufa, madzi ndi ndiwo zisanakhale pafupi. Moto woyaka pamene mai athamangira kumjigo udya mtolo pacabe.

(c) Mphika uli wonse ukhale ndi cibvundikiro. Nthunzi yoturuka ndiyo nkhuni zanu zirikuuluka.

(d) Nyemba, nandolo ndi khobwe zouma muzibviike m'madzi madzulo. M'mawa zidzakhala zitafufuma, ndipo zipsa msanga.

(e) Konzani dengu losunga kutentha. Yalani m'kati mwace udzu wouma, kapena masamba ouma a nthoci, ndi nsanza zoyera, musiye malo a mphika pakati. Nyemba zobviika zikawira kolimba mphindi 20 kapena 30, phulani mphika osaubvundukula, muuike m'dengumo, nimuphimbe bwino pamwamba. Patapita maora 3 kapena 4 mudzazipeza zitapsa, inu muli kumunda. Mukazipeza zitazizira, ziwiritseninso musanadye.

(f) Zitsononkho ndi mitengo ya nandolo ziyaka bwino m'mbaula. Koma mapesi, ndi zotsalira za mtedza ndi soya, zisiyeni m'munda. Ndizo cakudya ca nthaka.

(g) Nsima ikaphulidwa, zimani zikuni zotsala pozikwirira m'phulusa, zidzagwire nchito madzulo.

Dziwani kuti mbaula sicotsa utsi wonse. Nyumba yophikira ikhale ndi zenera, ndipo khanda lisakhalitse mu utsi, pakuti utsi ubvulaza cifuwa ndi maso. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, pamene mphepo ya kumapiri kuno ilowa m'mafupa, musagone ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Mpweya wace ulibe pfungo, koma upha anthu m'tulo.

3. Bzalani nkhuni zanu

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno iyamba pa 15 Disembala nitha pa 15 Epulo. Koma m'mera m'poyamba, ndipo mbande yobzalidwa ndi mvula yoyamba ndiyo ipirira cilimwe. M'malire a munda ikani kesha ndi gliricidia, imene iphukanso mukaisadza. Msangu uyenera m'kati mwa munda, pakuti uyoyola masamba nthawi ya dzinja, osaphimba cimanga. Bulugama akhale kutali ndi munda ndi dimba, cifukwa amwa madzi ambiri.

Njira yacangu koposa ndiyo ya zitsa. Citsa cophukira ciri ndi mizu yace kale. Sankhanipo mphukira ziwiri kapena zitatu zoongoka, mudule zinazo, nimuzicinjirize ku mbuzi ndi ku moto wa osaka mbewa. Zidzakula msanga koposa mbande ya ku nazale.

4. Nkhokwe

Pa nthawi yokolola cimanga citsika mtengo, ndipo ogula aima ndi masikelo ao pa mphambano iri yonse. M'Januwale ndi Febuluwale cikwera, ndipo amene anagulitsa aombola cimanga cace comwe ndi ganyu, munda wace uli m'thengo. Okumbukira njala ya 2002 adziwa kumene njira iyi ifikitsa banja.

Cifukwa cace werengani musanagulitse. Penyani masiku amene thumba limodzi la makilogalamu 50 litha pakhomo panu. Likatha masiku 20, mufuna matumba 19 pa caka. Onjezanipo la alendo ndi la maliro. Cotsala pamenepo ndico ca malonda. Zosowa za pakhomo zilipiridwe ndi soya, mtedza kapena kacewere.

Kuyambira pamene nankafumbwe wamkuru analowa m'dziko muno kudzera ku Karonga, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, cimanga ca m'zitsononkho sicikhalitsa m'nkhokwe. Citonoleni, ciume ndithu. Poyesa kuuma, thirani cimanga ca m'manja ndi mcere wouma m'botolo louma, mutseke, nimukhuchumule. Mcere ukamatirira m'mbali, ciyanikeninso. Matumba ochedwa PICS ali atatu m'limodzi, awiri a m'kati ndi a pulasitiki. Mukamanga liri lonse palokha, mpweya utha m'katimo, ndipo anankafumbwe afa wopanda mankhwala. Aikeni pa matabwa, kutali ndi khoma ndi makoswe, pakuti likabooka nchito yace yatha.

5. Ndalama

M'mwezi wa Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100, ndipo m'Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi magawo 44 pa 100. Zocokera kunja, monga feteleza ndi mafuta, zinakwera mtengo pomwepo. Cinthu cimene mukhoza kupanga ndi manja anu pakhomo, kwacha ikagwa sicigwa nayo. Musataye gaga, phulusa ndi ndowe za mbuzi, nkhumba ndi nkhuku: zimenezi, pozisakaniza ndi feteleza pang'ono ndi madzi, ndi kuzitsekera m'thumba masiku 21, zipanga manyowa a Mbeya. Miyeso yace funsani mlangizi. Nyali ya dzuwa igulidwa kamodzi, pamene makandulo ndi mabatire afuna ndalama sabata ndi sabata.

Tengani kabuku, mulembemo khobidi liri lonse loturuka mwezi umodzi: mcere, sopo, cigayo, mayunitsi a foni, ndi ca kumowa comwe osacibisa. Pakutha mwezi khalani pansi awiri ndi mkazi wanu, muwerenge pamodzi. Pamenepo mudzaona pamene thumba lidontha. Cimene mwapulumutsa cipite ku banki mkhonde, kapena mugule nkhuku ya thadzi, kuti tsiku la matenda kapena la fizi lisakutumeni kwa wakatapila.

6. Yesani nokha

Musangokhulupirira kapepala. Mangani mitolo iwiri yolingana ya nkhuni zouma. Woyamba uphikidwe pa mafuwa monga mwa masiku onse. Waciwiri pa mbaula, ndi cibvundikiro, ndi nyemba zobviika. Werengani masiku a uli wonse, ndipo cimene mwapeza mukacinene pabwalo, kuti anansi anu amve kwa munthu amene amdziwa. Akuru anati pang'ono pang'ono ndi mtolo. Yambani ndi mitolo iwiriyo sabata lino.