GUENDOLEN NDI AMTENGATENGA OIWALIKA

Mwana wa m'minda ya tiyi ku Thyolo angathe kutsiriza sukulu osaiona nyanja. Komabe mbiri ya sitima ya nkhondo yotchedwa Guendolen ikumukhudza, ndipo tikupempha aphunzitsi kuti asailumphe.

Sitimayi inapangidwa ku Britain, nibwera kuno zidutswazidutswa. Anailumikiza ku Fort Johnston, kumene lero timati ku Mangochi, ndipo inayamba kuyenda pa Nyanja ya Malaŵi mu 1899. Nkhondo ya Chiwaya itabuka mu Ogasiti 1914, Kaputeni Rhoades anatumidwa kukasaka sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann. Anaipeza ili pamtunda ikukonzedwa pa Sphinxhaven, ku Liuli m'dziko la Tanzania, naiombera. Kaputeni Berndt, bwenzi lake la Rhoades, anali asanamve za nkhondo. Anapalasa bwato kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera, ndipo anagwidwa ukaidi pomwepo.

Kuyambira tsiku limenelo nyanja inali m'manja mwa Angerezi, ndipo Guendolen inanyamula asilikali, zipolopolo ndi ufa kupita nazo kumpoto. Inagwirabe ntchito ya Boma kufikira pamene inaphwasulidwa m'zaka za m'ma 1940. Mfuti yake ilipo pa Mangochi.

Koma sitima siikwera phiri. Katundu wa nkhondo ankabwera pa njanji yodzera pa Luchenza kufika ku Limbe. Kumene njanji ndi nyanja zinkathera, wambiri anayenda pamitu ya amtengatenga. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino analembedwa ntchito imeneyi, ambiri mokakamizidwa, ndipo boma la Thyolo silinasiyidwe. Ochuluka anafa ndi njala ndi matenda, kutali ndi kwao. Mutu umodzi susenza denga: popanda iwo, Guendolen ikadangotula katundu pa doko.

Dzina la Rhoades lili m'mabuku, koma maina a anthu athuwa akuzimirira. Iwo anapita onse. Atsala ndi adzukulu okalamba amene anamva nkhanizi pamoto. Tikupempha aphunzitsi a m'sukulu za m'maesiteti kuti atume ana kukafunsa agogo awo, nalembe dzina, mudzi ndi kumene munthuyo anafika. Akuluakulu a zamaphunziro pa boma asonkhanitse zolembazo ndi kuzisunga bwino. Tikazengereza, mwana wa ku Thyolo adzadziwa mfuti ya pa Mangochi, osadziwa kholo lake limene linasenza zipolopolo.