Okhala m'Nyumba Zakale za ku Zomba

Mphunzitsi kapena kalaliki wa boma wochokera kwa Ngokwe, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, akasamutsidwira ku Zomba amadzera pa Ntaja ndi pa Liwonde. Akafika amakakhala pakati pa nyumba zimene zinamangidwa agogo ake asanabadwe. Nyuzi ino ikufuna kunenapo za udindo umene munthu wotere amasenza.

Zomba unali likulu la dziko lino kuyambira m'chaka cha 1891 kufikira 1975, pamene boma linasamukira ku Lilongwe. Aphungu a Nyumba ya Malamulo anapitiriza kukumana komweko mpaka 1994. M'tsinde mwa phiri muli nyumba imene John Buchanan anamangira kazembe wa Britain m'chaka cha 1886, yomwe pambuyo pake inasanduka Hotel Masongola. Chapafupi pali munda wa mitengo wa m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Inde, zambiri mwa izi anazilamula ndi atsamunda, koma amene anaumba njerwa ndi kusenza miyala anali makolo athu.

Kukhala m'dera lotere nkokoma. Makoma ndi ochindikala, makonde ndi otakasuka, ndipo mphepo ya kuphiri imaziziritsa ngakhale mu Okutobala, mwezi umene ku Liwonde anthu amasowa tulo ndi kutentha. Komatu nyumba yakale ili ngati nkhalamba: ifuna kuisamala tsiku ndi tsiku. Denga likadontha, madzi amaoletsa mitanda. Chiswe chikalowa, chimamaliza zotsalazo mwakachetechete. Ena mwa ife, ponena kuti "nyumbayi ndi ya boma," timasonkha moto wa makala pakhonde ndi kusiya ngalande zitatsekeka ndi zinyalala. Kodi boma ndani, ngati si ife tomwe?

Choopsa koposa ndi kudula mitengo m'phiri. Akuluakulu amasimbabe za Napolo wa mu Disembala 1946, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri ndi kugumula milatho ndi nyumba, anthu nkufa. Mizu ya mitengo ndiyo imagwira dothi pamalo otsetsereka; yense wogula thumba la makala a m'phirimo adziwe kuti akukumba pansi pa nyumba imene amagonamo.

Tipempha aphunzitsi a kwa Ngokwe ndi madera ena a Machinga ndi Balaka kuti pokonza maulendo a ana asukulu asaiwale Zomba. Akawaonetse chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, ndiponso National Archives, kumene amasunga makalata akale a boma.