Ndege zinaitanitsidwa koma sizinafike

Ana inu a ku Sakubva, Dangamvura ndi Chikanga, kodi mukudziwa kuti dziko la Zimbabwe linaitanitsapo ndege zankhondo zimene sizinatere n'komwe pa bwalo lililonse la kuno? Dzina lake ndi MiG-29, ndege ya mainjini awiri yothamanga kuposa phokoso lake lomwe.

Nkhaniyi ikukhudza Mutare. Mafuta a galimoto amachokera ku doko la Beira mu paipi yodutsa pansi pa nthaka mpaka ku Feruka, pafupi ndi mzinda uno, ndipo njanji ndi msewu zimalowera komweko. M'zaka za m'ma 1980 ku Mozambique kunali nkhondo, choncho asilikali a Zimbabwe anapita kukalondera njira imeneyi. Kummwera nako kunali boma la tsankho la South Africa, lokhala ndi ndege zamphamvu za Mirage. Zimbabwe inali ndi ndege zakale za Hunter, za Hawk zochokera ku Britain zimene zinafika mu 1982, ndi za F-7 za ku China. Akuluakulu anaona kuti sizikukwana, n'kuitanitsa ma MiG-29 ku Soviet Union.

Kenako zinthu zinatembenuka. Nelson Mandela anatuluka m'ndende mu 1990. Kumapeto kwa 1991 dziko la Soviet Union linagawikana. Mu 1992 kunagwa chilala choopsa chimene agogo anu sadzaiwala, ndipo mu October chaka chomwecho nkhondo ya ku Mozambique inatha. M'chaka chimenechi mgwirizano wa ma MiG-29 unathetsedwa. Ine ndimati anachita bwino, chifukwa chaka chimenecho ana ankagona ndi njala. Ndege zatsopano zimene zinabwera zinali ma Hawk ena asanu, mtundu umene oyendetsa ndi amakaniko a ku Thornhill, ku Gweru, ankaudziwa kale ngati chikhatho chawo.

Mwina mukufunsa kuti, bwanji osangosankha ndege yothamanga kwambiri? Tiyeni tiyandikire Hawk itaima pabwalo. Mpando wa woyendetsa uli ndi zophulika pansi pake, zoti ndege ikamagwa zimuponyere kunja, parachuti n'kutambasuka. Zophulikazo zili ndi tsiku lothera ntchito, ndipo likakwana amaika zina, ngakhale kuti sizinagwirepo ntchito. Matayala amaperepeseka msanga chifukwa ndege imatera ili pa liwiro lalikulu. Injini yake, yopangidwa ndi kampani ya Rolls-Royce pamodzi ndi anzawo a ku France, amaiwerengera maola amene yauluka, akakwana amaimasula n'kuiunika chidutswa chilichonse. Zonsezi zimachokera kwa amene anapanga ndegeyo. Mukagula ndege kwa munthu, mudzagogodabe pakhomo pake kwa zaka 20 kapena 30.

Apa ndi pamene Hawk inakumana nazo. Mu 1998 ndegezi zinakamenya nkhondo ku Congo. Mu 2000 maboma a Britain ndi Zimbabwe anasemphana kwambiri, ndipo Britain inaletsa kugulitsa zida zankhondo ku Zimbabwe, masipeya a Hawk omwe. Munaionapo kombi itakhazikidwa pa miyala, thupi lake lili bwinobwino koma kachitsulo kamodzi kakusowa? Ma Hawk anayamba kuima chimodzimodzi, imodzi imodzi.

Panafunikanso kusankha kachiwiri. Mu 2005 Zimbabwe inagula ndege 6 za K-8 ku China, kenako inawonjezera zina 6. K-8 inapangidwa ndi China mogwirizana ndi Pakistan, ndipo chilembo K chikuimira mapiri a Karakoram amene ali kumalire a mayiko awiriwa. Ili ndi mipando iwiri, wophunzira kutsogolo, mphunzitsi kumbuyo. Kunena zoona, siingapikisane ndi MiG-29 ngakhale pang'ono. Ntchito yake yeniyeni ndi kuphunzitsira, ngakhale imatha kunyamula mfuti ndi mabomba ang'onoang'ono. Koma mtengo wake ndi wotsika, simwa mafuta ambiri, ndipo wogulitsa anali wokonzeka kutumiza masipeya. Zambia ndi Namibia nawonso anagula ndege zomwezi.

Ma K-8 amakhala ku Gweru, pa bwalo lomwe lija la Thornhill, limene tsopano limatchedwa Josiah Tungamirai Air Force Base. Mukadzaona ndege zankhondo zikuuluka mondondozana pa chikondwerero cha ufulu pa 18 April, muyang'ane mapiko. A K-8 ndi owongoka, pamene a F-7 ndi a makona atatu, opendekera kumbuyo.